Tifunseni: Mayina ndi ambiri pashelefu, nanga eni ake ndi angati?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera kwa awerengi a muno mu Lilongwe ndi madera ozungulira akukhudza nkhani imodzi, ngakhale kuti olembawo sadapangane. Nkhaniyo ndi ya makampani akuluakulu omwe akugula anzawo n'kutsala ochepa pamsika, komanso mphamvu ya mauthenga otsatsa malonda pa zimene timagula. Tasankhapo makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga yemwe ali kusukulu ya ukachenjede adandiseka atandipeza ndikuyerekeza mapaketi a sopo waufa m'sitolo ina. Iye akuti Omo, Surf ndi Sunlight ndi za kampani imodzi, choncho ndingatenge iliyonse, ndalama yanga ikulowa m'thumba limodzimodzi. Kodi ndi zoona? Ngati zili choncho, amapikisiranji pawailesi ngati sadziwana? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona, ngakhale kuti kusekako kudali kosafunika. Mayina atatu onsewo ndi a kampani ya Unilever, yomwe likulu lake lili ku London, ndipo ndi yomweyonso imapanga sopo wa Lifebuoy ndi mafuta odzola a Vaseline. Achikulire amaikumbukira bwino ndi dzina la Lever Brothers. Mukatsikira kwa anyamata ogulitsa mafoni pafupi ndi depoti ya mabasi, adzakuyalirani Tecno, Itel ndi Infinix, aliyense n'kumatamanda yake, chonsecho mafoni atatuwa amapangidwa ndi kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion.

Chifukwa chochitira zimenezi chimaoneka mukaima patsogolo pa shelefu n'kuyang'ana mitengo. Kampani imadziwa kuti matumba athu ndi osiyana, motero imakonza dzina lina la wolandira bwino, lina la wapakatikati, ndi kapaketi kakang'ono ka munthu amene wagwira ndalama ya tsiku lomwelo, kuti aliyense wolowa m'sitolomo asatuluke asadaisiyire kanthu. Wogula akakhumudwa ndi dzina limodzi n'kusamukira ku lina amayesa kuti wailanga kampaniyo, pamene wangotulukira khomo lakumaso n'kulowera lakuseri m'nyumba yomweyo. Palinso chifukwa china chimene ogula sitichiganizira kawirikawiri. Shelefu ili ndi malire ake, ndipo kampani yokhala ndi mayina atatu imatenga malo a anthu atatu, kotero kuti wopanga sopo wamng'ono wa konkuno akafika ndi katundu wake amauzidwa kuti malo adatha, kapena amaikidwa pansi penipeni pomwe munthu sayang'ana pokhapokha atagwetsa ndalama.

Izi sizikutanthauza kuti zimene zili m'mapaketimo ndi zofanana ndendende, ayi. Kasakanizidwe kake kamasiyana, ndipo kuyerekeza kwanu sikudali kutaya nthawi. Kungoti yerekezani zinthu zoyenera: onani kulemera kwa paketi, muwerengere kuti magalamu 100 akukudyerani ndalama zingati, ndipo mutembenuze paketiyo kuti muwerenge timalemba ta kumbuyo komwe amalemba dzina la kampani yopanga.

Mayina ena kampani imayambitsa yokha, koma ambiri imachita kugula pamodzi ndi makampani amene adawayambitsa, ndipo dziko lathu laona zimenezi kangapo m'zaka zapitazi. Kampani ya mafoni imene tidaidziwa ngati Celtel idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010 pamene Bharti Airtel ya ku India idagula nthambi za Zain za mu Africa. Fakitale ya mowa ya Carlsberg ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu 1968 ndipo idali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, idapita m'manja mwa Castel ya ku France mu 2016. Mu 2015 banki ya FDH idagula Malawi Savings Bank, ndipo National Bank of Malawi idagula Indebank, kotero kuti mabanki awiri amene anthu adali atawazolowera adazimiririka. Kunjaku, mu 2016 momwemo, kampani ya mowa ya AB InBev idameza SABMiller pamtengo woposa madola 100 biliyoni. Nthawi zina wogulayo amasintha dzina ndi utoto wa zikwangwani, koma kawirikawiri amasiya dzina lakale momwe lilili, popeza chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa dzinalo ndi gawo lalikulu la zimene walipira. Ndi chifukwa chake botolo limakhala lomwe lija, kakomedwe komwe kaja, koma phindu likupita kwina.

FUNSO: Akonzi, ine ndikuona ngati nkhani zoterezi ndi kaduka chabe. Dziko lathu ndi losauka, ndipo makampani akuluakulu ndiwo amalemba anthu ntchito zokhazikika, amakhoma msonkho wooneka ndiponso amathandiza masewera. Kampani ikakula chifukwa chogwira bwino ntchito, yalakwa chiyani? Ndine mphunzitsi wa ku Likuni.

YANKHO: Aphunzitsi, mbali ina ya mfundo yanu ndikugwirizana nayo. Pali ntchito zimene sizitheka popanda mpamba waukulu. Fakitale ya shuga imafuna minda ya nzimbe yothirira ya mahekitala zikwizikwi, makina ochokera kunja ndi akatswiri owasamalira, ndipo kampani ya mafoni imayenera kumanga nsanja za netiweki m'maboma onse isadayambe kuona phindu. Msika wathu ndi waung'ono, sungasunge mafakitale a shuga khumi. Ndi chifukwa chake lamulo loona za mpikisano pa malonda, kuno kwathu ngakhale m'maiko ena, silinena kuti kukula ndi mlandu. Chimene limaletsa ndi kugwiritsa ntchito ukuluwo pofinya ogula, popondereza ogulitsa zokolola, kapena potsekereza ena amene akufuna kulowa pamsika.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi poti mukuwerengera ubwino wokhawokha. Tengani shuga. Wambiri mwa shuga amene timathira mutiyi amachokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa, m'mafakitale a Illovo, kampani yomwe mwini wake wamkulu ndi Associated British Foods ya ku Britain, ndipo fakitale ya ku Salima imene idabwera pambuyo pake ndi yaing'ono poyerekeza ndi awiriwa. Shuga atasowa mu 2024, anthu muno mu Lilongwe adaima pamizere m'masitolo, ena n'kumapatsidwa paketi imodzi kapena awiri basi. Zifukwa zimene zinkatchulidwa zidali zingapo, monga nyengo yoipa imene idasokoneza ulimi wa nzimbe komanso amalonda obisa shuga kapena kumuzembetsera kunja, ndipo sindikunena kuti wopangayo adachita dala. Mfundo yanga ndi yakuti dziko likamadalira wopanga mmodzi, vuto lililonse limene lamugwera limafika m'khitchini ya aliyense tsiku lomwelo, popeza palibe wina woti n'kutsekapo. Kuopsa kumeneku kulipo ngakhale mwini kampani atakhala munthu wabwino mtima chotani.

Ndiye pali nkhani ya mitengo. Pamsika wa Wakawaka, magalimoto a tomato akafika ambiri m'mawa umodzi, mtengo wa mulu umatsika dzuwa lisadafike paliwombo, chifukwa wogulitsa akaumirira mtengo wadzulo, wogula amangosuntha mapazi awiri n'kugula kwa mnzake. Pomwe ogulitsa ndi awiri kapena atatu zinthu siziyenda choncho. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo idakwera pazifukwa zomveka, popeza zipangizo zambiri timaitanitsa kunja. Funso lofunika kulifunsa ndi lakuti, tsiku limene ndalama zopangira katundu zatsika, n'chiyani chidzamukakamize wogulitsa kutsitsa mtengo ngati palibe womulanda makasitomala? Makampani awiri safunika n'kukumana komwe kuti agwirizane, amangoyang'anana. Ndipo akafuna kukumana, anthu anayi amakwana patebulo limodzi mosavuta kusiyana ndi anthu makumi anayi. Ku South Africa mu 2007 kampani ya Tiger Brands idalipitsidwa chindapusa cha pafupifupi marandi 99 miliyoni itavomera kuti idapangana ndi makampani ena ophika buledi pa mitengo, ndipo amene ankalipira ndalama yoonjezerayo adali osauka odya buledi tsiku ndi tsiku.

Dziko la America, lomwe palibe angalinene kuti limadana ndi bizinesi, lidakhazikitsa lamulo lolimbana ndi mchitidwewu kalekale mu 1890, ndipo mu 1911 khothi lalikulu la dzikolo lidalamula kuti kampani ya mafuta ya Standard Oil igawidwe kukhala makampani 34. Sindikukhulupirira kuti oweruza amenewo adachita izi chifukwa cha kaduka.

FUNSO: Akonzi, chaka chilichonse mvula ikamayandikira, wailesi imadzaza ndi mauthenga a mbewu za chimanga, aliyense akuti yake ndiyo yobereka koposa. M'mbali mwa msewu muli minda yachitsanzo yokhala ndi zikwangwani. Ndidagula mbewu imene ndidaisirira pamunda wotero, koma kwanga sidachite chimodzimodzi. Kodi adandinamiza? Komanso n'chifukwa chiyani ndikamagula mbewu mtengo amatchula ndi iwo, ndikamagulitsa fodya mtengo amatchulanso ndi iwo? Ndine mlimi wa ku Mitundu.

YANKHO: Bambo, n'kutheka kuti palibe adakunamizani ndi mawu, koma chikwangwanicho sichidakuuzeni zonse. Munda wachitsanzo umasankhidwa pamalo achonde komanso oonekera bwino kumsewu. Umabzalidwa ndi mvula yoyamba, mbewu imodzi paphando, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa amathiridwa pa tsiku lake komanso pamuyeso wake, kupalira ndi kubandira sikuchedwa, ndipo mbozi zikangoonekera mankhwala amapoperedwa sabata yomweyo. Zonsezi ndi ndalama, koma pachikwangwani amalembapo dzina la mbewu lokha, ndiye wodutsa amaganiza kuti zitsononkho zikuluzikuluzo zabwera ndi dzinalo. Inu amene mudagawa thumba limodzi la feteleza pa ekala yonse simukadakolola zofanana nawo. N'kuthekanso kuti mudagula mbewu yachinyengo, pakuti alipo anthu amene amapaka utoto chimanga wamba n'kuchilongedza m'mapaketi ooneka ngati enieni. Choncho gulani kwa ogulitsa zipangizo zaulimi ovomerezeka, musunge lisiti pamodzi ndi paketi mpaka mutakolola, ndipo mbewu yatsopano muziyamba mwaiyesa pa mizere yochepa, moyandikana ndi imene mumaidziwa, musadaidzaze munda wonse.

Ndinenenso kuti si kutsatsa konse kumene kuli kopanda thandizo. Kampani ya Seed Co idapatsa mbewu zake mayina a nyama, Kalulu, Kanyani, Mbidzi, Mkango ndi Njobvu, ndipo ngakhale iyi ndi njira yokopera alimi, imawathandizanso kukumbukira kuti Kalulu ndi Kanyani zimacha msanga pomwe Njobvu imafuna mvula yotalika. Uthenga wotere umamuuza mlimi kanthu koti agwiritse ntchito. Umene ndimaukayikira ndi uja wongoimba nyimbo ndi kulonjeza nkhokwe zosefukira osatchula dera, nthaka kapena feteleza wofunika.

Za eni ake a mbewuzi, mayina m'sitolo ndi ambiri koma mizu yake ndi yochepa. Mbewu zoyamba ndi zilembo DK ndi za Dekalb, dzina lomwe lidali la Monsanto, ndipo Monsanto idagulidwa ndi Bayer ya ku Germany mu 2018 pamtengo wa madola pafupifupi 63 biliyoni. Monsanto yomweyo ndi imene idatenga kampani yathu yakale ya National Seed Company of Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, itagula bizinesi ya mbewu ya kampani ya Cargill, yomwe idali mwini wake wamkulu panthawiyo. Pannar ya ku South Africa idalowa m'manja mwa DuPont Pioneer mu 2013, ndipo lero ili pansi pa Corteva ya ku America. Syngenta idagulidwa ndi ChemChina mu 2017. Makampani a mbewu a konkuno alipo, ena ali ndi mbewu zabwino ndithu, koma sangakwanitse kulipira nthawi ya pawailesi tsiku lililonse kuyambira October mpaka December, ndiye mlimi amafika kusitolo atamva kale mayina awiri kapena atatu okha.

Komabe alimi si anthu ongolandira chilichonse, ndipo umboni wake uli pafupi nafe pa Chitedze, kumsewu wa ku Mchinji. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa chimanga cha haibulidi, koma amayi ankachikana chifukwa chidali chofewa, chinkaphwanyika pokonola mumtondo, komanso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe kusiyana ndi chamakolo. Akatswiri a kafukufuku adamvera, ndipo mu 1990 adatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 zomwe zidali zolimba ndi zokonoleka bwino, n'kulandiridwa ndi alimi ambiri. Zimenezi zidatheka chifukwa padali malo a kafukufuku a boma omwe ntchito yawo idali kumva zofuna za mlimi wa kuno. Ine ndimada nkhawa kuti kafukufuku wotereyu akamasowa ndalama, zosankha za mbewu zimene tidzabzale zizipangidwira kutali ndi anthu amene mtondo sadauonepo.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba, pakuti mwatchula mbali ya nkhaniyi imene anthu a m'tauni amaiiwala. Kuchepa kwa makampani kumapweteka wogula, koma kumapwetekanso wogulitsa. Okushoni imayenda bwino ogula akakhala ambiri n'kumalimbirana belo, koma ku Kanengo ogula akuluakulu ndi owerengeka, monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Alliance One yeniyeniyo idabadwa mu 2005 pamene makampani awiri omwe kale ankapikisana, Dimon ndi Standard Commercial, adaphatikizana. Masiku ano fodya wambiri amagulitsidwa pa kontilakiti, zomwe zimamupatsa mlimi ngongole ya zipangizo ndi msika wodziwikiratu, koma zimamumanganso kwa wogula mmodzi. Mu 2009 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adapitikitsa m'dziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya powaganizira kuti ankagula pansi pa mitengo imene boma lidaika. Alimi ambiri adaomba m'manja, koma chiwerengero cha ogula sichidakwere chifukwa cha zimenezo. Mlimi payekha alibe mphamvu yokana mtengo pamene mabelo ake afika kale pamsika ndipo mwini galimoto akudikira malipiro. Mphamvu yochepa imene angakhale nayo imachokera m'makalabu ndi m'makopaletivi ogulitsa pamodzi, komanso pokhala ndi mbewu ina monga soya kapena mtedza yoti n'kudalira fodya akavuta, ngakhale kuti kumenekonso ogula akuluakulu si ambiri.

FUNSO: Akonzi, ine sindikhulupirira kuti uthenga wa pawailesi kapena pa Facebook ungandisinthe maganizo. Ndine munthu wamkulu, ndimagula chimene ndikufuna ndiponso chimene ndalama yanga ikukwanitsa. Kodi simukutiyesa ana? Ndine mnyamata wa ku Kawale.

YANKHO: Achimwene, pafupifupi aliyense amanena zimene mwanenazi, komabe makampani sasiya kulipira otsatsa malonda, ndipo owerengera ndalama za makampaniwo si anthu oti angalole kutaya ndalama chaka ndi chaka pa chinthu chosabweza. Kutsatsa malonda sikulimbana ndi nzeru zanu kuti kukugonjetseni pa mtsutso. Ntchito yake ndi kuzoloweretsa maso ndi makutu anu dzina linalake mpaka lizioneka ngati lakwanu. Tsiku lina mukamachoka ku Kawale kupita m'tauni, yang'anani makoma a magolosale opakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, maambulera a otumiza ndalama pafoni, zikwangwani za pamphambano ndi malaya amene akabaza avala. Palibe chimodzi mwa zimenezi chikukuuzani kuti katunduyo ndi wabwino chifukwa chakutichakuti. Koma ludzu likakugwirani n'kuima pa okala, pakamwa panu pamatuluka dzina limene lili pafupi m'mutu, ndipo mumachoka mukukhulupirira kuti mwasankha nokha.

Mpira ndi chitsanzo chabwino. Ligi yaikulu ya dziko lino idayamba kutchedwa ndi dzina la TNM mu 2007, ndipo padabweranso zikho zotchedwa ndi mayina a Airtel, FDH ndi Castel. Woulutsa mpira pawailesi amatchula dzina la kampani kambirimbiri pamasewera amodzi, pa nthawi imene mtima wanu uli m'mwamba. Sindikunyoza zimenezi, chifukwa popanda ndalamazo matimu athu akadavutika kwambiri, koma tizizitchula ndi dzina lake: ndi malonda, osati mphatso.

Njira yamphamvu koposa ndi imene simuiona n'komwe. Pamlandu wina ku America zidaululika kuti mu 2021 mokha kampani ya Google idalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni ndi makampani ena kuti munthu akafuna kufufuza kanthu pa intaneti azipeza Google itaikidwiratu, ndipo mu August 2024 woweruza Amit Mehta adagamula kuti kampaniyo idaphwanya lamulo poteteza ufumu wake pamsikawo. Ndalama zonsezo zidalipidwa chifukwa kampaniyo ikudziwa kuti anthu ambiri sasintha chimene achipeza chitaikidwa kale. Facebook imene mwaitchulayo idagula Instagram mu 2012 pamtengo wa madola 1 biliyoni, n'kugulanso WhatsApp mu 2014 pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo kampani ya Meta, mwini wa zonse zitatuzi, imapeza ndalama zake zoposa 95 peresenti kuchokera kwa otsatsa malonda. Imadziwa msinkhu wanu, dera lanu ndi zimene mumachedwa mukuonera, ndipo ndi zimenezi imagwiritsa ntchito pogulitsa mwayi wotsatsa malonda kwa amalonda ofuna kukufikirani. Mukaonjezapo kuti bandulo ya WhatsApp ndi Facebook imakhala yotsika mtengo kusiyana ndi ya intaneti yonse, muona kuti kwa achinyamata ambiri njira idalambulidwa kale iwo asadayambe kusankha.

Mwafunsa ngati tikukuyesani ana. Ayi, ndipo amayi a m'maiko osauka amene m'zaka za m'ma 1970 adasiya kuyamwitsa n'kuyamba kugula mkaka wa m'chitini sadalinso ana. Adakhulupirira zikwangwani zoonetsa makanda onenepa ndiponso ogulitsa ena ovala ngati anamwino. Mkakawo unkasungunulidwa ndi madzi osatetezeka, kapena kuchulutsidwa madzi kuti chitini chikhalitse, ndipo makanda ambiri adadwala ndi kumwalira. Zidatengera kudandaula kwa anthu m'maiko ambiri kuti mu 1981 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likhazikitse malamulo oletsa kutsatsa mkakawu mwachisawawa. Lero yang'anani mauthenga a kubetcha pa mpira, omwe amaonetsa wopambana mmodzi atanyamula cheke chachikulu koma osaonetsa khamu la amene adaluza kuti chekecho chipezeke, kapena a mankhwala omwe akuti botolo limodzi limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka.

Ndikuvomereza kuti umphawi uli ndi mawu aakulu kuposa chikwangwani chilichonse. Mayi wogula mafuta ophikira oyeza m'kapulasitiki safunsa dzina la kampani. Koma apa ndi pomwe nkhani ya kutsatsa imakumana ndi ya kukula kwa makampani. Kudzaza wailesi, makoma ndi mabwalo a mpira ndi dzina lako kumafuna ndalama zimene ali nazo ndi akuluakulu okha, ndiye wamng'ono, ngakhale katundu wake atakhala wabwino ndi wotsika mtengo, samveka, ndipo wa sitolo safuna kusunga katundu amene anthu sakumufunsa. Ndalama yotsatsirayo imalowa mumtengo umene inu mumalipira, kutanthauza kuti mukuthandiza nawo kutsekereza amene akadakutsitsirani mtengo. Nyumba zofalitsa nkhani nazo zimadalira otsatsa akuluakulu owerengeka, kuphatikizapo boma, ndipo mkonzi aliyense amaganiza kawiri asadasindikize nkhani yowawa yokhudza amene amamulipirira tsamba lonse. Magazini ino nayonso imadalira otsatsa malonda, choncho zimene timalemba muziziwerenga ndi maso omwewo.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi okala yaing'ono. Kampani ina ya zakumwa idandibwereka filiji koma idati ndisaikemo chakumwa cha kampani ina iliyonse, ngakhale thobwa langa. Komanso nthawi imene shuga ankasowa, pamalo pomwe ndimaoda katundu ankandikakamiza kugula katoni ya zinthu zina zosayenda malonda kuti andigulitse belo la shuga. Kodi zimenezi n'zololedwa? Ndikadandaule kuti? Ndine mayi wa ku Chinsapo.

YANKHO: Mayi, nkhani ya shugayo ndi yosavuta kuyankha. Kukakamiza munthu kugula katundu amene sakumufuna kuti apeze amene akumufuna ndi umodzi mwa michitidwe imene lamulo la mpikisano limaletsa, ndipo woona za nkhaniyi ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe anthu amangoti CFTC, ndipo maofesi ake ali muno mu Lilongwe. Bungweli linkagwira ntchito ndi lamulo la 1998, lomwe lidali ndi mipata yambiri, koma mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lolipatsa mphamvu yolipitsa kampani yolakwa chindapusa chofika pa 10 peresenti ya ndalama zimene yapeza pa chaka, ndiponso lokakamiza makampani akuluakulu ofuna kuphatikizana kuti ayambe apempha chilolezo.

Ya filiji ndi yovutirapo. Filijiyo ndi ya kampani, ndipo kampani ili ndi ufulu woika mfundo pa katundu wake. Vuto limabwera pamene kampaniyo ndi yaikulu kwambiri pamsika, okala yanu ilibe malo a filiji yachiwiri, ndiye mfundoyo ikutanthauza kuti chakumwa cha wina aliyense sichingagulitsidwe chozizira m'dera lanulo. Ku Ulaya nkhani yotereyi idafika patali, ndipo mu 2005 kampani ya Coca-Cola idavomera kuti wa sitolo amene wapatsidwa filiji yaulere, ndipo alibe ina, akhoza kugwiritsa ntchito gawo losachepera 20 peresenti la filijiyo kuikamo zakumwa zimene akufuna. Chigamulocho ndi cha kumeneko, sichigwira ntchito kuno, koma chikusonyeza kuti funso lanu ndi loyenera kuti a CFTC aliunike.

Polemba dandaulo, tchulani tsiku, malo, katundu, mtengo ndi mawu amene mudauzidwa, ndipo muphatikizepo malisiti oonetsa shugayo pamodzi ndi katundu mudakakamizidwayo. Popeza mawa mudzafunanso kukaoda komweko, ndi bwino kuti amalonda angapo a m'dera lanu musainire kalata imodzi kuti pasaoneke dzina la munthu mmodzi yekha. Ngati vuto ndi la sikelo kapena paketi yosakwana muyeso, pitani ku Malawi Bureau of Standards, ndipo la mafoni ndi mabandulo limapita ku bungwe loona za mafoni ndi mawailesi la MACRA. Bungwe loimira ogula la CAMA limalandiranso madandaulo ndi kuwayankhulapo. Nkhani za makampani ophatikizana omwe amachita malonda m'maiko angapo a m'chigawo chino zimaunikidwa ndi bungwe la COMESA loona za mpikisano, lomwe lidayamba ntchito mu 2013 ndipo likulu lake lili ku Kang'ombe House ku City Centre konkuno. Za filijiyo, funani pepala la mgwirizano limene mudasainira poilandira, muwerenge ngati mfundo yoletsa zakumwa zina idalembedwamo kapena adangokuuzani pakamwa ndi wobweretsa katundu, ndipo mujambulitse pepalalo kuti mukalipereke pamodzi ndi kalata yanu.